WAILESI: WAMTHENGA WOSATOPA, KOMA WOSASANKHA



Palibe mudzi masiku ano umene sudziwa wailesi. Mlimi amaikoleka pa nthambi ya mtengo pamene alikupalira m'munda. Telala amaiika pambali pa makina ake pakhonde la sitolo. Anyamata amaiunjirira tsiku la mpira. Ndipo nkhalamba imatchera khutu pa nthawi ya mauthenga a maliro, kuti imve ngati mnzake wakale watsogola. Tachizolowera chinthu chimenechi kotero kuti taleka kuzizwa nacho. Koma makolo athu, pamene adayamba kumva munthu alikulankhula m'kabokosi, ena adazungulira kumbuyo kwake kukasuzumira, poganiza kuti muli kamunthu kobisala. Ife timawaseka lero. Nanga mwana atatifunsa kuti mau amenewo alowamo bwanji, ndi angati mwa ife amene angamuyankhe?

M'phunziro lino tifunsa mafunso atatu. Kodi wailesi imagwira ntchito bwanji? Idafika bwanji kwathu kuno? Ndipo munthu wanzeru ayenera kuimvera motani? Funso lachitatuli ndilo lalikulu, pakuti pali anthu amene adapulumuka chifukwa cha mau a pa wailesi, ndipo palinso ena amene adaphedwa chifukwa cha mau a pa wailesi.

1. MAFUNDE A MITUNDU IWIRI

Dzina lakuti wailesi lidachokera ku mau a Chingerezi otanthauza chinthu chopanda waya. Kale, pofuna kutumiza uthenga kutali ndi mphamvu ya magetsi, anthu ankayala waya pa mitengo kuchokera mzinda wina kufikira mzinda wina, ndipo waya akaduka uthenga unkathera pomwepo. Tsono anthu ophunzira ankadzifunsa kuti: kodi uthenga sungathe kuoloka wokha m'mlengalenga, popanda chingwe choutsogolera?

Kuti timvetse yankho lake, tiyeni tiime pa dziwe la madzi odikha. Ponyanimo mwala. Muona timafunde tilikutuluka pamene pagwa mwalapo, ndi kufalikira mbali zonse mpaka kumtunda. Madziwo sachoka pamalo pake ai; tsamba loyandama limangokwera ndi kutsika. Chimene chimayenda ndicho kugwedezeka kokha. Mau athu amayendanso chomwecho. Ng'oma ikaombedwa, chikopa chake chimanjenjemera ndi kugwedeza mpweya woyandikana nacho, mpweyawo ugwedeza unzake, mpaka kugwedezekako kufika pa kachikopa kakang'ono ka m'kati mwa khutu lathu, ndipo ife timati tamva.

Koma mafunde a mau ali ndi zofooka ziwiri: amafa msanga, ndiponso amayenda pang'onopang'ono, ngati mamita 340 pa sekondi imodzi. Inu nomwe mungathe kuyesa zimenezi nthawi ya dzinja. Mukaona mphezi ilikung'anima, werengani masekondi kufikira mutamva kugunda kwake. Masekondi atatu ali onse ndiwo kilomita imodzi. Kuwala kumafika pompo, koma phokoso limabwera pambuyo ngati nkhalamba yoyenda ndi ndodo.

Alipo mafunde a mtundu wina, amene ali abale ake a kuwala, koma maso athu sawaona. Iwowa sasowa mpweya kapena madzi kuti ayendemo, ndipo liwiro lao ndi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndiye kuti angazungulire dziko lonse lapansi kasanu ndi kawiri pa sekondi imodzi yomweyo. Munthu woyamba kunena kuti mafunde otere alipo adali James Clerk Maxwell wa ku Scotland, m'chaka cha 1865. Iye sadawaone, sadawagwire. Adawapeza ndi masamu okha, ndipo adamwalira m'chaka cha 1879 wina asanatsimikize mau ake. Adadzatsimikiza ndi Heinrich Hertz, mphunzitsi wa ku Karlsruhe m'dziko la Germany, m'zaka za 1887 ndi 1888. Iye ankathethetsa moto wa magetsi mbali ina ya chipinda, ndipo kamoto kena kankaoneka pa kawaya kopinda kamene kadali mbali inayo, pakati popanda cholumikiza chili chonse.

2. MNYAMATA WA KU BOLOGNA

Anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana adayamba kuyesa mafunde atsopanowa, monga Alexander Popov ku Russia, Jagadish Chandra Bose ku India ndi Nikola Tesla ku America. Mutu umodzi susenza denga. Koma amene adalimbikira koposa kuwasandutsa amthenga adali Guglielmo Marconi, wobadwira ku Bologna m'dziko la Italy m'chaka cha 1874. M'chaka cha 1895, ali ndi zaka 21 zokha, adatumiza chizindikiro kuchokera kunyumba ya atate ake mpaka kuseri kwa kaphiri. Chaka chotsatira adapita ku England, kumene adapeza anthu omthandiza.

Pa 12 Disembala 1901 Marconi adali pa phiri lina mumzinda wa St John's ku Newfoundland, atakweza waya m'mwamba ndi kaiti. Anzake adali tsidya lina la nyanja yamchere ya Atlantic, pamalo otchedwa Poldhu ku England, makilomita oposa 3,000, alikugogoda lemba S, ndiko kugogoda katatu. Marconi adanena kuti wamva. Ena adakayika, koma patapita nthawi yochepa palibenso amene adatsutsa kuti uthenga ungaoloke nyanja popanda waya.

Phindu lake lidaonekera poyera usiku wa pa 14 kucha wa pa 15 Epulo 1912, pamene sitima yaikulu yotchedwa Titanic idagunda phiri la madzi oundana pakati pa nyanja yomweyo. Anyamata awiri ogwira ntchito pa makina a wailesi adaitana chithandizo, ndipo sitima ina yotchedwa Carpathia idamva, nibwera ndi liwiro lake lonse. Anthu oposa 1,500 adamira, koma ena ngati 700 adatoledwa m'mabwato ali moyo. Pakadapanda wailesi, palibe akadadziwa kumene iwo adali.

Masiku amenewo wailesi inkangogogoda. Pambuyo pake akatswiri adapeza njira yotumizira liu lenileni la munthu ndi nyimbo zomwe. Mu Novembala 1920 nyumba ya wailesi yotchedwa KDKA idayamba kuulutsa mau mumzinda wa Pittsburgh ku America, ndipo BBC idayamba ku London m'chaka cha 1922. Pa 12 Febuluwale 1931 Marconi yemweyo adaimirira pambali pa Papa Pius XI potsegula wailesi ya ku Vatican, imene iye adaimanga.

3. MAU AKWERA BWANJI PA MAFUNDE?

Tiyerekeze motere. Munthu ali ndi kalata yofunika, koma miyendo yake ndi yofooka. Tsono aipereka kwa mnyamata wothamanga. Mau ndiwo kalata, mafunde a wailesi ndiwo mnyamatayo. M'nyumba youlutsira mau, munthu amalankhula patsogolo pa maikolofoni. M'kati mwake muli kachinthu kopyapyala kamene kamanjenjemera monga kachikopa ka m'khutu, ndipo kunjenjemerako kumasanduka mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika molingana ndi mauwo. Makina ena amasenzetsa mphamvuyo pa mafunde a wailesi, ndipo mlongoti wautali umawamwaza mbali zonse. Eriyo ya wailesi yanu imatolako pang'ono chabe; mabatire amawonjezera mphamvu; sipika imanjenjemera ndi kugwedeza mpweya wa m'nyumba mwanu, ndipo mauwo abadwanso. Taonani liwiro lake: pa nthawi imene mafundewa amatenga kuchokera ku Blantyre kufika ku Karonga, liu la munthu silingayende ngakhale mita imodzi.

Pamene mulikuwerenga pano, mafunde a nyumba zambirimbiri zoulutsira mau alikupyola m'chipinda chanu. Nanga bwanji sasokonezana? Chifukwa chake ndi chakuti nyumba ili yonse ili ndi kagwedezedwe kakekake. Manambala amene mumaona pa wailesi, kuyambira 88 kufikira 108, atanthauza mamiliyoni a kugwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake udatchedwa hertz pokumbukira mphunzitsi wa ku Karlsruhe uja. Mukamapotoza kabatani, mumauza wailesi yanu kuti imvere kagwedezedwe kamodzi ndi kutsekera kunja ena onse, monga mai amazindikira kulira kwa mwana wake pakati pa phokoso la pamsika.

Achikulire akumbukira kuti usiku ankatha kugwira mawailesi a maiko akutali amene masana sankamveka. Kumwamba kwenikweni, kuyambira makilomita ngati 60 kupita m'tsogolo, kuli mpweya umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi. Mpweya umenewu umabweza mafunde ena pansi monga kalilole amabweza kuwala, kotero kuti amadumpha mapiri ndi nyanja. Edward Appleton wa ku England adatsimikiza zimenezi m'chaka cha 1924. Masana gawo lam'munsi la mpweyawo limameza mafunde ambiri, koma dzuwa likalowa gawolo limazilala, ndipo njira imatseguka. Mafunde a FM, njira imene Edwin Armstrong wa ku America adaipeza m'chaka cha 1933, sabwezedwa chomwecho. Amayenda molunjika, ndipo phiri limawatchinga. Ndicho chifukwa chake milongoti yao imamangidwa pamwamba pa mapiri. Ubwino wao ndi wakuti mau amamveka oyera, osathetheka pa nthawi ya mphezi.

4. WAILESI YA SEFULIYA

Tsopano tibwere kwathu. M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, boma la atsamunda la Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, lidayamba kuulutsa mau ku Lusaka, makamaka kuti anthu amve za nkhondo kumene ana ao adapita. Nkhondo itatha, nyumbayo idakula nitchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkatumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zilankhulo monga Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele.

Koma padali vuto. Mawailesi a nthawi imeneyo adali aakulu, okwera mtengo, ndipo ambiri ankafuna magetsi a m'nyumba. Munthu wakumudzi ankangomvera pa boma kapena pabwalo la mfumu, ngati idalipo. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani, Harry Franklin, adayendera makampani ambiri kupempha kuti apange wailesi yotsika mtengo, ndipo ambiri adamkana poganiza kuti munthu wakuda sangagule. Potsiriza kampani ya mabatire ya Ever Ready ku Britain idavomera. M'chaka cha 1949 idatulutsa wailesi yozungulira, yobiriwira ngati thambo, imene chikhokho chake chidali ngati sefuliya yopanda chogwirira. Ndipo chifukwa cha maonekedwe akewo idatchedwa Saucepan Special. Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire lake lalikulu, limene wailesiyo inkakhalapo pamwamba, lidali masheleni 25. Zidali ndalama zambiri ndithu, koma kalaliki, mphunzitsi kapena munthu wa ku migodi ankatha kusunga mpaka kugula. Aja ankati munthu wakuda sangagule adachita manyazi.

M'kati mwa sefuliyayo mudali timababu tagalasi timene tinkadya batire kwambiri. Koma m'chaka cha 1947 akatswiri atatu a ku America, John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, adali atapeza kale kachipangizo kakang'ono kotchedwa transistor, kogwira ntchito ya timababuto ndi mphamvu yochepa. Kuyambira m'chaka cha 1954 mawailesi olowa m'thumba adayamba kugulitsidwa, ndipo m'kupita kwa zaka adafika m'midzi yonse. Ku Malawi nyumba ya MBC idayamba m'chaka cha 1964, chaka cha ufulu, ndipo kwa zaka zambiri idali yokhayo m'dzikomo. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994, nyumba zina zidatsegulidwa, za anthu wamba, za mipingo ndi za m'madera. Wailesi yakanema ya dzikolo idadzayamba m'chaka cha 1999.

5. ZOKOMA ZIMENE WAMTHENGAYU WATIBWERETSERA

Tisaiwale kuyamika. Pa wailesi ya ku Lusaka padali pulogalamu yokondedwa yotchedwa Zimene Mwatifunsa. Munthu wogwira ntchito kutali ankalemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ake, ndipo mai wokhala kumudzi ankamva dzina la mwana wake likutchulidwa, nadziwa kuti ali moyo. Pa nthawi imene amuna ambiri adali ku migodi ndi ku mafamu a maiko ena, chimenechi sichidali chinthu chaching'ono. Pomwepo padamvekanso Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau, amene adaonetsa kuti nyimbo za makolo ndi gitala zingathe kuyendera limodzi. Pambuyo pake anthu a ku Zambia adakondwera ndi nthano za Julius Chongo mu pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo a ku Malawi sadzaiwala masewero a Kapalepale ndi Pamajiga, amene ankaseketsa anthu kwinaku alikuwalangiza.

Wailesi ili ndi ubwino wina umene nyuzipepala ilibe: sifunsa ngati munthu adapita kusukulu. Wosadziwa kuwerenga, wakhungu, mai amene manja ake ali mu ufa, onse amamva mofanana. Yaphunzitsa alimi nthawi yobzala ndi kasungidwe ka mbeu. Yaitanira amai ku sikelo ndi ku katemera. Yalengeza za mbuzi zosochera ndi za ana otayika. Ndipo pa nthawi ya zoopsa, monga namondwe wa Freddy amene adapha anthu mazanamazana kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, pamene magetsi azima ndi milatho yakokoloka, kawailesi ka mabatire awiri kamathabe kulankhula.

6. WAMTHENGA SASANKHA KALATA

Komatu, abale anga, mafunde aja alibe nzeru, alibenso chikumbumtima. Amanyamula choona ndi bodza pa liwiro limodzimodzi. Nazi nkhani zitatu zotiphunzitsa.

Yoyamba ndi ya ku America. Pa 30 Okotobala 1938 katswiri wa masewero, Orson Welles, adaulutsa sewero lochokera m'buku la H. G. Wells lonena za zilombo za ku Mars zodzathira nkhondo dziko lapansi. Adalikonza ngati nkhani zenizeni zongochitika kumene. Adalengeza poyamba kuti ndi sewero, koma ena adatsegula wailesi mochedwa, ndipo adagwidwa ndi mantha aakulu. M'mawa mwake manyuzipepala adalemba ngati kuti dziko lonse lidathawa m'nyumba. Ofufuza a pambuyo pake adapeza kuti manyuzipepalawo adakokomeza kwambiri. Apa pali maphunziro awiri: womva nkhani kuyambira pakati amasochera, ndipo wofotokoza za kusochera kwa mnzake angathenso kuwonjezera zakezake.

Yachiwiri ndi ya ku Lusaka komwe kuja. Cha m'ma 1953, pamene atsamunda ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu akuda ankachikana, mitima ya anthu idadzaza ndi mantha ndi kukayikirana. Padabuka mphekesera yakuti anthu akuda oulutsa mau pa wailesi ndi abanyama, amene ife timati anamapopa. Anthu osalakwa, amene dzulo lake ankakondedwa chifukwa cha nyimbo ndi moni, adayamba kuopsezedwa ndi kuyenda mwamantha. Peter Fraenkel, amene ankagwira nao ntchito, adalemba zimenezi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi la m'chaka cha 1959. Kukayikira wailesi ya boma la atsamunda kudali ndi chifukwa chomveka, pakuti bomalo lidali ndi zofuna zake. Koma kunena kuti anzao alikupopa magazi lidali bodza lamkunkhuniza. Motero munthu angalakwe pokhulupirira wailesi mopitirira, ndipo angalakwenso pokhulupirira manong'onong'o a pamsika.

Yachitatu ndi yoopsa koposa. M'chaka cha 1993 ku Rwanda kudatsegulidwa nyumba ya wailesi yotchedwa RTLM. Idakopa achinyamata ndi nyimbo zamakono ndi nthabwala za pamowa. Pakati pa nthabwalazo inkatchula anthu a mtundu wa Atutsi kuti mphemvu, tsiku ndi tsiku, kufikira makutu a anthu adazolowera. Kupha kutayamba mu Epulo 1994, oulutsa mau ankatchula maina a anthu ndi malo amene abisala. M'masiku ngati 100 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ambiri ndi zikwanje za anansi ao. Mu Disembala 2003 bwalo la milandu la maiko onse, lokhala ku Arusha m'dziko la Tanzania, lidapeza atsogoleri ena a wailesiyo, monga Ferdinand Nahimana, kuti ndi olakwa, chifukwa cha mau amene nyumba yaoyo idafalitsa. Taganizani: mafunde omwe aja adaitana Carpathia kudzapulumutsa omira ndiwo adatsogolera akupha kwa obisala. Mafundewo sadasinthe, adasintha ndi wolankhula, ndi womvera amene adaleka kufunsa.

7. LERO MLONGOTI ULI M'THUMBA MWANU

Mwina wina anena kuti: ine ndidaleka kumvera wailesi, ndili ndi foni. Mbale wanga, foni yam'manja ndi wailesi ndithu. Imalankhula ndi mlongoti umene mumauona pa kaphiri kudzera m'mafunde omwe aja a Hertz. Kusiyana kwake ndi kumodzi, koma ndi kwakukulu: sefuliya ija inkangolandira, pamene foni imalandira ndi kutumiza. Kale wofuna kulankhula kwa anthu zikwizikwi ankayenera kulowa m'nyumba youlutsira mau, kumene dzina lake linkadziwika, ndipo mkulu wina ankaona zimene alikukanena. Lero munthu ali yense, ali gone pamphasa, angathe kujambula mau ake ndi kuwaponya pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo dzuwa lisanalowe afika ku Johannesburg ndi ku London, opanda dzina, opanda tsiku, opanda wowayankhira.

Tisaganize kuti ndife ochenjera kuposa anthu a ku Lusaka a m'chaka cha 1953. Mu Seputembala ndi Okotobala 2017 mphekesera ya anamapopa idabukanso m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena oyandikana nao, mpaka kufika mumzinda wa Blantyre. Anthu angapo adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Alendo ankaopa kuyenda, ndipo ntchito zina zothandiza anthu zidaima. Palibe ndi mmodzi yemwe adapezeka ndi magazi a munthu. Ali yense ankati: ndamva kwa uje. Makolo adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Ophedwawo sadzabweranso, madzi akatayika saoleka.

8. KAMVEREDWE KA MUNTHU WANZERU

Tsono titani? Titaye wailesi ndi foni? Iai. Mpeni umene umasenda chinangwa ungathenso kucheka chala, koma palibe amautaya. Timaphunzitsa ana kagwiridwe kake. Nazi mfundo zisanu zoti tisunge ndi kuphunzitsa ena.

Choyamba, funsani kuti alikulankhulayo ndani. Nyumba ya wailesi yodziwika, ikanama, ili ndi khomo loti munthu akagogodepo. Mau opanda dzina ali ngati kalata yotola panjira.

Chachiwiri, funsani ngati wolankhulayo adaona yekha, liti, ndipo kuti. Nkhani imene imachitika nthawi zonse kumudzi wina wosatchulidwa, kwa munthu wina wosadziwika, ikhale yokayikitsa.

Chachitatu, mverani mbali ziwiri. Nyumba ili yonse youlutsira mau ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi zimene amakonda. Potozani kabatani, mumve enanso alikuti chiani. Safunsa adadya phula.

Chachinai, yang'anani chimene mauwo alikufuna kuti muchite. Ngati alikuchititsani mantha kapena kukukwiyitsani, ngati alikutcha anthu a mtundu wina, a chipani china kapena a chipembedzo china maina a nyama ndi tizilombo, ngakhale mwanthabwala, dziwani kuti pali wina wofuna kubwereka manja anu. Nkhani ikakutenthetsani mtima, igonetseni usiku umodzi.

Chachisanu, musanatumize kwa wina, dzifunseni kuti: ngati nkhaniyi ili yabodza, avulale ndani? Wotumiza bodza sangadzikanire ponena kuti adangopatsira. Wasanduka mlongoti wa bodzalo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Inu makolo, mverani pamodzi ndi ana anu, ndipo pulogalamu ikatha kambiranani. Ndipo masiku ena tsekani wailesi, ikani foni pambali, kuti agogo apeze mpata wosimba nthano zao. Pakuti wailesi imalankhula kwa mwana, koma siimva funso lake. Inu aphunzitsi a m'midzi, anthu amakukhulupirirani, ndipo mphekesera ikabuka adzayamba kufunsa inu. Musachite manyazi kunena kuti: tiyeni tiyambe tafufuza. Mau ochepa amenewa, onenedwa modekha pabwalo lodzaza anthu okwiya, angathe kupulumutsa moyo wa mlendo wosalakwa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mafunde a mau asiyana bwanji ndi mafunde a wailesi? Fotokozani ndi chitsanzo cha mphezi.

2. Chifukwa ninji mawailesi a maiko akutali ankamveka bwino usiku, ndipo chifukwa ninji milongoti ya FM imamangidwa pa mapiri?

3. Wailesi ya sefuliya idathandiza bwanji mabanja amene abale ao adali kutali? Funsani achikulire a m'mudzi mwanu zimene akumbukira.

4. M'nkhani zitatu zija, ya ku America, ya ku Lusaka ndi ya ku Rwanda, kodi omvera adalakwa pati?

5. Tchulani nkhani imodzi imene mudalandira mwezi uno ndi kuipatsira wina. Kodi mudaifunsa mafunso asanu aja?